Injini yamakono m'pikapu yakale: kuimanga n'kosavuta, chovuta n'kuiliza

Pikapu ikakalamba, kawirikawiri chimayamba kutopa ndi injini. Chesisi imakhala ikadali yolimba, kumbuyo kukadanyamula katundu, koma m'mawa kukazizira mwini wake amayamba wakoka choko, kupopapopa phazi, kupukusa sitata mpaka batire kufooka, mapeto ake n'kuitana anthu oti akankhe. Ikalira imatsokomola, kununkha petulo wosapsa, ndipo singano ya mafuta imatsika ngati thanki yabooka. Apa m'pamene pamabwera ganizo lija: bwanji osazula injini yotopayi n'kuikamo yamakono, ya ma injector, yochotsedwa m'galimoto imene inachita ngozi koma injini yake ili bwino?

Ganizoli si lamisala. Ku America ntchitoyi inakula moti alipo makampani amene amangopanga zipangizo zake zokhazokha. Kumeneko amakonda injini za V8, ndizo za masilinda 8, za General Motors za mtundu wa LS, zimene zinayambira mu Corvette ya 1997 n'kufika m'mapikapu a Silverado mu 1999 zili za malita 4.8, 5.3 ndi 6.0. Amazitenga n'kuziika m'pikapu ya Chevrolet C10 ya m'ma 1960 kapena m'ma 1970. Ku South Africa, Australia ndi New Zealand yotchuka ndi 1UZ-FE ya Toyota, V8 ya malita 4.0 imene inatuluka koyamba mu Lexus LS 400 mu 1989, ndipo ambiri aiika mu Hilux zakale. Ena safuna zambiri. Amangochotsa injini ya Toyota ya 22R ya kabureta n'kuikamo mng'ono wake wa ma injector, 22R-E, kapena 3RZ-FE ya malita 2.7.

Komabe zilipo galimoto zambiri zimene zinathera pa majeke. Mukasuzumira mupeza injini yatsopano yakhala bwinobwino m'malo mwake, mabawuti onse omangidwa, utoto ukuwala, koma mulu wa mawaya uli pampando ndipo galimotoyo sinalirepo n'kamodzi komwe. Mwini wake ankati akugula injini. Sanadziwe kuti injini yamakono siyenda yokha. Ili ndi kompyuta yake, mawaya ake, pampu yake, nthawi zina ngakhale kiyi wake, ndipo chimodzi chikatsala kumene inachokera, chitsulocho chimangokhala du.

Tiyambe ndi kabureta kuti kusiyanaku kumveke. Mpweya umene injini ikukoka umadutsa pakhosi popapatiza, pamenepo umathamanga kwambiri, ndipo kuthamangako kumayamwa petulo kuchokera m'kambale kamene kali m'kati mwa kabureta momwemo. Palibe chimene chimawerengera. Kukula kwa timabowo ta majeti ndiko kumagamula zonse. N'chifukwa chake injini ya kabureta mutha kuiliza ili pansi, itatsamira tayala lakutha: petulo wa m'chigubu, waya umodzi wa moto wopita ku koyilo, wina wa ku sitata, basi yalira.

Ya ma injector siyamwa mafuta yokha. Pampu yamagetsi imakankha petulo mwamphamvu kukafika pa timipopi tamagetsi, ndiwo ma injector amene, ndipo kompyuta ya injini, imene amakanika amaitcha ECU kapena kompyuta bokosi, ndiyo imalamula kuti kampopi kalikonse katseguke liti komanso kwa kanthawi kotalika bwanji. Isanalamule imafunsa masensa. Sensa ya pa crankshaft imaiuza kuti injini ikuzungulira mwachangu chotani ndipo mapisitoni ali pati. Ina imayeza mpweya umene ukulowa, ina kutentha kwa madzi, ina kuti phazi laponda mpaka pati, ina imamvetsera ngati injini ikugogoda. Chimene kompyutayo imasakasaka ndi muyezo wa magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo, poti pamenepo petulo amapsa yense. Sensa ya okosijeni ya pa paipi ya utsi imanunkhiza zotsala n'kuiuza ngati yaonjeza kapena yachepetsa, iyo n'kumakonza osapuma. Nzeruyi si ya dzulo. Bosch inaika dongosolo lake la D-Jetronic mu Volkswagen mu 1967, ndipo sensa ya okosijeni inayamba kuoneka mu Volvo mu 1976. Mapikapu ndi amene anachedwa kusiya kabureta.

Phindu lake ndi loonekeratu. Imalira pa kiyi kamodzi ngakhale kuzizire bwanji, simira ndi mafuta, mapulagi sada msanga, ndipo oyilo sasungunuka ndi petulo wotsikira m'masilinda monga zimachitikira choko ikaiwalika. Kumapiri, kumene mpweya umapepuka, kompyuta imachepetsa mafuta yokha pamene kabureta imapitiriza kuthira muyezo wa kuchigwa. Koma tisanamizane. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, ikhale ya kabureta kapena ya ma injector. Kompyuta imakonza muyezo, siibweza mpweya umene kulibe. Ndipo amene wachotsa injini ya masilinda 4 n'kuikamo V8 asayembekezere kuti thanki izikhalitsa. V8 yamakono imamwa pang'ono poyerekeza ndi V8 yakale, osati poyerekeza ndi kainjini ka malita 2.

Yatsopano kwambiri si ndiyo yabwino

Apa m'pamene ambiri amapunthwa asanagwire n'sipanala yomwe. Injini za ma injector si za mbadwo umodzi, ndipo mbadwo uliwonse unaonjezera chingwe china chomangira injini ku galimoto imene inabadwiramo.

Za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990 n'zofatsa. Kompyuta yake imangosamala za injini, mawaya olumikiza ku galimoto ndi owerengeka. Kuyambira 1996 galimoto zogulitsidwa ku America zinakakamizidwa kukhala ndi OBD-II, kaja kosomekapo makina owerengera vuto, ndipo izi n'zothandiza kwambiri kwa wosamutsa injini, chifukwa injiniyo imatha kunena yokha chimene chikuipweteka. Koma m'zaka zomwezo munabweranso immobiliser. M'mutu mwa kiyi muli kachipangizo kamene kamapereka nambala yachinsinsi, ndipo kompyuta ikapanda kuimva nambalayo imakana kupereka mafuta. Pa injini za LS chizindikiro chake n'chodziwika: imalira bwinobwino, n'kuzima pakatha sekondi imodzi kapena ziwiri, ndipo mungasinthe pampu, mapulagi ndi masensa onse osapeza kanthu. Njira zothetsera vutoli zilipo zitatu. Kubwera ndi kiyi ndi kabokosi kake kuchokera m'galimoto yomweyo, kupereka kompyutayo kwa katswiri kuti afufutemo chitetezocho, kapena kuitaya n'kugula kompyuta yodziimira payokha monga Haltech, Link, MegaSquirt kapena Spitronics. Yachitatuyi imamveka yophweka, koma kompyuta yoteroyo imabwera isakudziwa kanthu za injini yanu. Pamafunika munthu woiphunzitsa, ndipo zimene akatswiri a fakitale anakonza kwa zaka, monga kalizidwe ka m'mawa ndi kayendedwe ka injini ikangoima, n'zovuta kuzifikira pa tsiku limodzi.

M'zaka za m'ma 2000 chingwe cha pa phazi la moto chinayamba kutha. M'malo mwake phazi linakhala sensa, ndipo kamota ndi kamene kamatsegula khomo la mpweya. Ndiye kuti pogula injini muyenera kuzulanso chopondera chake. Kenako makompyuta a m'galimoto anachuluka n'kuyamba kulankhulana pa mawaya awiri opotana otchedwa CAN, njira imene ku America inakhala lamulo pa OBD kuyambira 2008. Kompyuta ya injini ya nthawi imeneyi imayembekezera kumva kuchokera ku ya mabuleki, ya giyabokosi ndi ya dashibodi. Ikapeza kuli zii imaganiza kuti galimoto yaonongeka, n'kuchepetsa mphamvu kapena kukaniratu. Zaposachedwa zimathira petulo m'silinda mwenimwenimo pa puresha yofika ma bar 200 kapena kuposa, ndipo za dizilo za common rail, zimene paipi imodzi ya puresha imadyetsa ma injector onse, zimapitirira ma bar 1,000, moti kachitsotso kamodzi kochokera m'thanki yakale kangathe kupha ma injector okwera mtengo.

Kwa ine, injini yoyenera pikapu yakale ndi ya pakati pa mibadwo imeneyi, ya kumapeto kwa m'ma 1990 kufika chapakati pa m'ma 2000, yothira petulo pakhomo la silinda. Ndi yamakono mokwanira kuti izidziyeza yokha, koma sinafike pofuna gulu lonse la makompyuta anzake.

Dzina la injini lisakupusitseni. LS zoyambirira zili ndi gudumu la mano 24 pa crankshaft limene sensa imawerenga, zapambuyo pake zili ndi la mano 58. Kunja zimafanana, koma kompyuta ya ina siingayendetse inzake popanda kachipangizo komasulira. N'chifukwa chake amene anaichitapo ntchitoyi amalangiza chinthu chimodzi: musagule injini yokha, gulani galimoto yonse yoonongekayo, kapena theka lake lakutsogolo, muimve ikulira isanaphwasulidwe. Mukatero kompyuta, mawaya, kiyi, chopondera, bokosi la mafyuzi, masensa ndi timabulaketi tosawerengeka zimakhala za banja limodzi. Wogula chimodzichimodzi amadzazindikira mochedwa kuti tizinthu tating'onoting'ono tamudyera ndalama kuposa injini.

Mafuta

Walira mvula walira matope. Wofuna ma injector wafunanso kumanga njira yonse ya mafuta mwatsopano, kuyambira m'thanki. Pampu yakale yoyendetsedwa ndi injini imapereka puresha yosafika theka la bar imodzi, cha m'ma psi 4 mpaka 7 pa muyezo wina wa puresha. Ma injector ambiri amafuna ma bar 3, ndipo a LS amafuna 4, ndiwo ma psi 58. Kusiyanaku n'kwa pafupifupi kakhumi, ndipo chilichonse chimene petuloyo akudutsamo chiyenera kupirira.

Koma nkhani yaikulu si puresha yokha. Kumbukirani kambale ka m'kabureta kaja. Pikapu ikakhota mwamphamvu kapena kukwera chitunda thanki ili pafupi kutha, petulo amathamangira mbali imodzi ndipo paipi imayamwa mpweya kwa kanthawi. Kabureta siimva n'komwe, chifukwa m'kambale muli otsala. Ma injector alibe nkhokwe yotere. Pampu ikangomeza mpweya puresha imagwa nthawi yomweyo, injini n'kudzandira kapena kuzima pakati pa kona. Matanki a galimoto zamakono ali ndi kachitini m'kati kamene pampu imakhalamo, kosunga petulo ngakhale ena onse atathawira kumbali. Thanki ya pikapu yakale ndi chigubu chabe. Choncho mufunika kugula thanki yopangidwira ma injector, kapena kuikamo pampu yobwera ndi kachitini kake, kapena kumanga kathanki kakang'ono kapadera kamene pampu yofooka imakadzaza nthawi zonse, pampu yamphamvu n'kumatunga m'menemo.

Pampu yamagetsi imadziwa kukankha, siidziwa kukoka. Mukaiika kunja kwa thanki, ikhale pafupi ndiponso m'munsi mwake kuti petulo azitsikira yekha. Yoikidwa kutali, pafupi ndi injini, imalira ngati njuchi kwa miyezi ingapo kenako n'kufa. Ya m'kati mwa thanki imakhalitsa chifukwa petulo yemweyo amaiziziritsa. Dzimbiri la zaka 40 limene kabureta inkalimeza mosadandaula limatseka ma injector, motero thanki itsukidwe kapena isinthidwe, ndipo pakhale sefa yokulirapo mabowo pampu isanafike ndi ina yosalala kwambiri patsogolo pake. Injini zambiri zimafunanso paipi yachiwiri yobwezera petulo wotsala ku thanki, imene pikapu zambiri zakale zinalibe.

Mapaipi a labala ndi amene amayatsa moto. Pa paipi yabwino pamalembedwa nambala. SAE J30R7 ndi ya puresha yochepa, J30R9 ndi ya ma injector, ndipo kachidutswa kokhala m'kati mwa thanki, komira m'petulo, kayenera kukhala J30R10, apo ayi kamafewa n'kuphulika m'kati momwemo mosaoneka. Paipi ya kabureta ikabooka imadontha. Ya ma injector ikabooka imafayira, ndipo ikafayira pa ekizozi yotentha nkhani yatha. Pa chifukwa chomwechi, pampu isalumikizidwe molunjika ku kiyi. Iziyatsidwa ndi relay, ndiyo swichi yamagetsi, yolamulidwa ndi kompyuta, kuti injini ikazima pa ngozi pampu nayo izime, isapitirize kukhuthulira thanki yonse pamalo a ngoziwo. Mapikapu ena akale, monga C10 mpaka 1972, thanki yake ili m'kati, kuseri kwa mpando. Ambiri amapezerapo mwayi woisamutsira pansi, pakati pa chesisi.

Magetsi

Mulu wa mawaya umaopsa, koma ukasankhulidwa umachepa. Ambiri mwa mawayawo amachoka ku kompyuta kupita ku masensa ndi ma injector, ndipo amenewo sakhudzidwa. Olumikiza ku pikapu ndi ochepa: moto wa batire wosazima, moto wa pa kiyi, ma earth (mawaya obwezera moto ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto), relay ya pampu, relay ya fani, nyali yochenjeza ndi mawaya a mageji. Ntchito yake n'kukhala pansi ndi chithunzi cha mawaya cha chaka chenichenicho cha galimoto imene injini yachokera, kulemba dzina pa pulagi iliyonse isanazulidwe, n'kumachotsa osafunika mmodzimmodzi. Mitundu ya mawaya imasintha chaka ndi chaka, choncho chithunzi cha chaka choyandikana nacho chingakusocheretseni.

Pali misampha iwiri imene pikapu yakale imatchera. Woyamba uli pa kiyi. M'galimoto zambiri, kiyi akafika poliza sitata, mawaya ena monga a wailesi ndi hita amazimitsidwa kaye kuti moto wonse upite ku sitata. Mukatenga moto wa kompyuta pa waya wotero, kompyuta imazima pa nthawi yeniyeni imene ikufunika. Sitata imapukusa, injini osalira, mwina n'kungoti bu pamene mukusiya kiyi. Komanso waya wakale wa ku koyilo nthawi zambiri umadutsa mu ballast resistor imene inkatsitsa mavoti kuti mapointi asapse. Kompyuta imafuna mavoti 12 athunthu, pa kiyi ali pa ON ndiponso pamene sitata ikupukusa.

Msampha wachiwiri ndi earth. Masensa ambiri amagwira ntchito pa mavoti 5 okha, ndipo kompyuta imawerenga kusintha kwa tizigawo ta voti. Pakakhala dzimbiri kapena utoto pansi pa bawuti ya earth, imawerenga zabodza n'kuchita zinthu zosamveka: injini kusintha mawu mukayatsa nyali, kuzima fani ikayamba, nyali yochenjeza kuyaka ndi kuzima. Munthu amatha kugula masensa atsopano atatu pamene vuto linali kupala chitsulo chiwale. Pakhale nthambo zonenepa kuchoka ku batire kupita ku injini, ku chesisi ndi ku bodi. Kupota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi kunkagwira pa nyali, pa waya wa sensa ya crankshaft sikugwira, ndipo waya umenewo uzidutsa kutali ndi nthambo za mapulagi. Chinanso: mukamawotcherera china chilichonse pa galimotoyo, zulani kaye batire ndi mapulagi a kompyuta.

Alternator yakale ya ma amp 35 mpaka 60 singakwanitse pampu, mafani, makoyilo ndi ma injector. Yobwera ndi injini ngati LS imapereka 100 kapena kuposa, zimene n'zabwino, koma waya wakale wochoka pamenepo ndi woonda. Mapikapu ena akale amadutsitsa moto wonse wa alternator mu ammeter ya pa dashibodi, ndipo moto wochuluka chotero ungasungunule mawaya kuseri kwake. Ammeter ichoke panjira, pabwere voltmeter. Musaiwale kusiya kosomekapo makina a OBD pamalo ofikirika.

Kuti ikwane, iziyenda, iziima

Ntchito ya zitsulo n'kuyeza ndi kuwotcherera basi, ndipo wodziwa kuwotcherera siimuvuta. Malo amene amagundana ndi omwewomwewo: sampu (beseni la oyilo pansi pa injini) ndi chitsulo chopingasa cha chesisi kapena difu yakutsogolo pa 4x4, ekizozi ndi bokosi la chiwongolero, mutu wa injini ndi khoma lakumbuyo, pamwamba pake ndi boneti. Injini imodzi imakhala ndi masampu osiyanasiyana malinga ndi galimoto imene inalimo, ndipo 1UZ ndi chitsanzo chabwino, choncho nthawi zambiri kusintha sampu ndi paipi yake yoyamwira oyilo n'kwabwino kuposa kudula chesisi. Chimene chimaiwalika ndi kupendekeka kwa injini. Mzere wa giyabokosi ndi wa difu yakumbuyo ziyenera kuloza mofanana, ndipo majointi a propshaft apindike pang'ono chabe, digiri 1 mpaka 3. Mukaphonya, pikapu imanjenjemera pa liwiro lina lake ndipo majointi amatha msangamsanga.

Giyabokosi ndi nkhani yofuna kuiganizira musanagule kanthu. Kusunga yakale kumafuna mbale yolumikizira, flywheel ndi kilatchi zogwirizana, ndipo palibe chitsimikizo choti idzapirira mphamvu yowirikiza. Kubwera ndi ya injini yomweyo n'kwabwino, ndipo kunena zoona, mbali yaikulu ya mafuta amene anthu amati injini yatsopano yawapulumutsira imachokera ku giya yapamwamba. 4L60E ya General Motors ili ndi giya yachinayi ya 0.70, kutanthauza kuti pamene injini inkazungulira ka 3,000 pa mphindi mu giya yomaliza yakale ya 1:1, tsopano izizungulira ka 2,100 pa liwiro lomwelo. Koma giyabokosi yoteroyo imalamulidwanso ndi kompyuta, imafuna sensa ya liwiro, propshaft iyenera kudulidwa kapena kutalikitsidwa, ndipo chingwe cha speedometer yakale chimasowa posomeka. Pa 4x4 pamaonjezekanso funso la transfer case, bokosi logawira mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo.

Radiyeta ikhale yolingana ndi injini yatsopano, osati yakale, ndipo mafani amagetsi azilamulidwa ndi kompyuta. Injini za LS zili ndi timapaipi tochotsa nthunzi pamwamba pa mitu, ndipo wotitseka amasiya mpweya wotsekeredwa m'mutu n'kumadabwa kuti injini ikutenthedwa. Sensa ya madzi ya kompyuta isagawidwe ndi geji yakale. Geji ipatsidwe yakeyake.

Pa ekizozi, sensa ya okosijeni iikidwe pafupi ndi injini, itapendekera m'mwamba kuti madzi a m'paipi asamaime pamutu pake. Kabowo kakang'ono kutsogolo kwa sensayi kamalowetsa mpweya, kompyuta n'kuganiza kuti mafuta achepa, n'kumathira ochuluka. Mwini wake amayamba kunena kuti ma injector ndi bodza, pamene vuto ndi gasiketi imodzi.

Mabuleki ndiwo amasiyidwa kumapeto ndalama zitatha, ndipo ine ndimaona kuti ndi amene anayenera kuyamba. Mphamvu imene mabuleki amayenera kuimeza siikwera mofanana ndi liwiro. Kuchoka pa makilomita 80 pa ola kufika pa 120, liwiro lakwera ndi theka, koma ntchito ya mabuleki yawirikiza ka 2.25. Mabuleki a ma drum akatentha amafooka, ndipo mapikapu ambiri opangidwa m'ma 1960 asanathe ali ndi master cylinder (pampu ya mafuta a mabuleki) ya njira imodzi, moti paipi imodzi ikaphulika mabuleki onse anayi apita. Onjezerani kumbuyo kopepuka pikapu ikakhala yopanda katundu, kusowa kwa ABS ndi chiwongolero cholobodoka. Ma disc kutsogolo, master cylinder ya njira ziwiri, matayala abwino ndi malamba apampando n'zofunika injini isanalire, osati ikatha kukuopsani koyamba.

Mapepala, ndi funso loti n'zoyeneradi

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo ndi bwino kuwafunsa musanagule injini. Ku California, galimoto imene imayezedwa utsi ingalandire injini ya chaka chomwecho kapena chapambuyo pake, zipangizo zake zonse zochepetsa utsi zikhalepo, ndipo woyeza wovomerezeka ndi boma aione. Ku Britain kusintha injini kumalembetsedwa ku DVLA, bungwe la boma lolembetsa galimoto, pa chikalata cha galimoto chotchedwa V5C. M'mayiko ambiri nambala ya injini ili pa mapepala a galimoto, choncho injini yogula popanda lisiti losonyeza nambalayo ingakuikeni pamlandu wa katundu wakuba. A inshuwalansi nawo auzidwe, poti akadzatsegula boneti pambuyo pa ngozi n'kupeza V8 pamene pepala likuti masilinda 4, ali ndi chifukwa chokanira kulipira.

Si pikapu iliyonse imene ikufunika zonsezi. Ngati injini yakale yangotha ma ring ndi ma bearing, kuikonzanso n'kotsika mtengo ndipo makanika aliyense adzaidziwa. Ngati vuto ndi kabureta yokha, pali zipangizo monga Holley Sniper zimene zimakhala pamalo pa kabureta pomwepo, zili ndi ma injector ndi kompyuta m'kati. Njira ya mafuta imafunikabe kusintha, koma injini, giyabokosi ndi zina zonse zimakhala momwemo. Kusintha m'banja limodzi, monga 22R kupita ku 22R-E, kumapewa pafupifupi ntchito yonse ya zitsulo. Ndipo pikapu yogwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi yosiyana ndi ya chisangalalo. Yogwira ntchito ikafera kutali idzakonzedwa ndi munthu amene sanaimange, ndipo buku la pikapuyo silidzamuthandiza, la injiniyo silidzamuthandizanso mokwanira. Choncho womanga alembe: injini yachokera m'galimoto yanji ya chaka chiti, fyuzi iti ndi ya chiyani, lamba wa fani ndi nambala yanji, pampu ndi ya mtundu wanji. Pepalalo lizikhala m'galimoto momwemo.

Tsiku loiliza koyamba musathamangire sitata. Oyilo ndi madzi zikhalemo, chozimira moto chikhale pafupi. Tembenuzani kiyi afike pa ON n'kumvetsera. Pampu iyenera kung'ung'udza kwa masekondi awiri kapena atatu kenako n'kusiya pa galimoto zambiri, ngakhale kuti Toyota zina zakale zimaiyatsa pokhapokha sitata ikayamba. Bwerezani kangapo, muone geji ya puresha, mupapase polumikizira paliponse kuyambira ku thanki ngati pali chinyezi cha petulo. Somekani makina a OBD. Injini yozizira iyenera kuonetsa kutentha kwa madzi kofanana ndi kwa mpweya wa panja, ndipo ikaonetsa madigiri 40 pansi pa ziro ndiye kuti waya wa sensa waduka kapena pulagi sinalowe. Pondani phazi muone ngati nambala ikukwera bwinobwino. Zulani fyuzi ya pampu, pukusani sitata mpaka nyali ya oyilo izime, uku mukuyang'ana ngati makinawo akuonetsa kuzungulira kwa injini. Akaonetsa ziro sitata ikupukusa, kompyuta sikumva sensa ya crankshaft, ndipo palibe chifukwa chobwezera fyuzi ija musanapeze waya umenewo.